Mkango wa Katoni

"Aphunzitsi, mkango ulibe mutu!" anafuula ana a sukulu ya mkaka, akunjenjemera ndi chisanu cha kumapiri a ku Sa Pa. Mwana woyenera kuvala mutuwo anali atadwala, pomwe makolo anali atadzaza kale pakhomo kudzaonera gule wa mkango wotsekera sukulu.

Aphunzitsi a Thoa anaona Pang, kamtsikana kamene sikanalankhulepo chiyambireni sukulu, akusisita mutu wa katoniwo. Anamuveka mutuwo.

Ng'oma italira, m'katonimo munatuluka chimawu: "Patukani, ndikudyani nonsenu!"

Ana anabalalika akukuwa ndi chimwemwe. A Thoa anathamangira kwa amayi ake a Pang. "Mayi, mwamumva? Walankhula!"

Mayiwo anaseka mpaka misozi. "Mwaziputa, aphunzitsi. Kunyumba satipumitsa ameneyo!"