Yoram M'munda wa Fodya

Yoram atangoona amayi ake a Kezia akubwera, anadumpha kuchoka mumsewu nakanjuta m'munda wa fodya, chipewa cha ku Joni chili m'manja.

Kezia, amene anali limodzi ndi amayiwo, anaima, dengu lochokera kumsika wa pa Boma likadali pamutu. Yoram yemweyu, amene ankaba naye mango ali ana, wolowa m'khitchini mwa amayiwo osaodira? Kapena kumigodi kuja kumasokoneza mitu?

"Iwe, wataya khadi la chipani? Kuno kulibe a Yufi," anatero Kezia.

"Khadi lilipo. Adutse kaye amama."

"Ukuwaopa lero? Si omwewa ankakuthothola matekenya?"

Amayiwo sanamuyang'ane. Anakoka chitenje kuphimba kumaso, nalonjera Yoram atacheukira kumbali. "Yewo, adada."

Apa Kezia anazindikira. Mwamuna amathawa chotere mayi mmodzi yekha, mpongozi wake. Ndipo pakhomo pawo mwana wamkazi wosakwatiwa anali iye yekha, amene anthu anatopa naye kumufunsa za ukwati.

"Ndiye aliyense akudziwa kupatula ine?"

Yoram anasuzumira pakati pa masamba. "Amama sindikuwaopa kwenikweni. Ndikuopa iwe."

Kezia anatula dengu pansi.

"Tuluka m'fodya wa eni, mbwenu undifunse bwino."