Sikelo Inafa, Manambala Ankakulabe

Panali munthu wina, namwino wa ana pa kachipatala kena, ndipo amene ananditumizira nkhaniyi akuti inachitikadi. Anali mtsikana wa mtima wabwino, wa manja ofewa moti akabaya jakisoni, mwana ankalira pang'ono n'kuiwala.

Chaka china kunabwera bwana watsopano ndi nzeru zatsopano. Anachotsa mabuku olembamo n'kuika kompyuta m'chipinda cha sikelo. Ukayeza mwana, unkalemba kulemera kwake m'kabokosi, kompyuta n'kuyerekeza ndi mwezi watha, kenako n'kutumiza uthenga pa foni ya mayi wake. Mwana akatsika, inkaonetsa chofiira kuti aonane ndi dokotala. Zinali zothandiza ndithu. Koma kabokosiko kakakhala kopanda nambala, kompyuta inkakana kutsegula tsamba la mwana wotsatira.

Tsiku lina sikelo inafa. Namwino uja anakauza bwana.

"Talemba kale kuti atitumizire ina," anatero bwanayo osadzutsa mutu. "Pakadali pano onani mochitira. Mzere usaime, mwamva?"

Panja amayi anali atadzaza mabenchi, ana akulira, dzuwa lili pamutu. Namwino anayang'ana mwana woyamba, naona kuti masaya ali bwinobwino. Anatenga nambala ya mwezi watha n'kuwonjezerapo pang'ono. Kompyuta inavomera, mzere n'kuyenda.

Namwino wamkulu, amene anakhala pamenepo zaka makumi awiri, anamuona.

"Mng'ono wanga, wasanduka sikelo iwe tsopano?"

"Ndi masiku ochepa chabe, achemwali. Anawa ali bwino, taonani nokha."

"Chinthu chakochi chili ndi pakamwa koma chilibe maso. Chimameza chilichonse osalawa. Auze amayiwa zoona, akayezetse kwina."

"Ena auyamba ulendo m'mamawa ana ali kumbuyo. Ndiwabweze ine? Ayi, sindingathe."

Masiku ochepa aja anakwana miyezi itatu. Ndipo paja poyeza mwana amayamba amuvula. Sikelo itafa, kuvulako kunatha, ana ankangodutsa atakulungidwa m'mashawelo, nkhope zokha zili pamtunda. Pa msonkhano bwana anamuyamikira namwinoyo kuti chofiira sichikuonekanso.

Pakati pa amayiwo panali telala wina amene anali atangobereka mwana wake woyamba. Kamwana kake kanayamba kukana bere, ndipo tizovala timene anakasokera yekha tinayamba kukakulira.

"Mwanayu akutha, pitani naye kwa dokotala," anatero apongozi ake.

Iye anawaonetsa foni. "Amayi, taonani, achipatala akuti akukula bwino. Ife tingadziwe kuposa iwo?"

M'mawa wina mwana analefuka, khosi lili lende. Anathamangira naye ku chipatala chachikulu. Dokotala atamuvula n'kumuika pa sikelo, anapeza kuti akuperewera makilogalamu awiri pa nambala ya m'kompyuta. Anamugoneka, kachubu kali m'mphuno, ndipo panadutsa sabata yathunthu asanayambenso kuyamwa. Mwamwayi anachira.

Namwino uja atamva sanadikire kufunsidwa. Anapita yekha kwa akuluakulu n'kuulula zonse. Anamuimitsa kaye ntchito, bwana nayenso anaitanidwa kuti afotokoze. Sikelo yatsopano inafika patangotha masiku awiri, ana onse n'kuitanidwa kuti adzayezedwenso.

Kenako namwino uja anapita ku wodi kumene kunali mwana wa telala uja, n'kugwada pambali pa bedi.

"Mayi, ndine ndinkalemba manambala aja. Mwana wanu sindinamuyeze. Mundikhululukire."

Telala uja sanakalipe. Anayang'ana mwana wake, anayang'ana foni, n'kufunsa chapansipansi:

"Ndiye anesi, amene ankakula m'foni mwangamu miyezi yonseyi ndi mwana wa ndani?"

Namwino anangogwira chitsulo cha bedi n'kuyamba kulira.

Phunziro: Nambala iliyonse ya kuchipatala ndi thupi la munthu, choncho ngati simunayeze musalembe, ngakhale mukuchitira chifundo. Inu mabwana, chida chikafa musakakamize mzere kuyenda. Nanu amayi, maso anu akakuuzani zosiyana ndi foni, pitani mukafunse. Tumizirani anzanu, makamaka ogwira ntchito m'zipatala ndi amene ali ndi ana akhanda.