Lailaki Atakana Maluwa

Mayi Burulcha anaima pawindo, tiyi akuzirala m'manja, maso ali pa mpongozi wawo. Jipara anali atagwadanso patsinde pa chitsamba cha lailaki. Anakhuthula kanthu kotuwa m'chidebe, n'kusakaniza ndi dothi, kenako n'kucheukira kunyumba ngati munthu woopa kuonedwa.

Unali mwezi wa Meyi, ndipo mudzi wonse unkanunkhira lailaki. Pachipata chilichonse panalendewera ngala za timaluwa tofiirira, ana akuthyola nthambi kukapatsa aphunzitsi awo. Ngakhale kwa Sagyn chidakwa, amene mpanda wake unagwa kalekale, lailaki anali atachita maluwa mpaka nthambi kuwerama. Koma pakhomo pa Mayi Burulcha panali masamba okhaokha, duwa ngakhale limodzi ayi.

Zinkawapweteka, chifukwa chitsambacho sichinali wamba. Anachibzala malemu amuna awo chaka chimene Tilek, mwana wawo yekhayo, anabadwa. Malemuwo ankachisamala okha, osalola munthu kuchikhudza, ndipo sichinaphonyepo chaka. Ngakhale mwiniwake atamwalira chinachitabe maluwa. Ndiye chasintha n'chiyani? Mayi Burulcha sanavutike kufunafuna yankho. Linkasesa pabwalo pawo m'mawa uliwonse, litavala duku loyera.

Mtsikanayo analowa m'nyumbamo mu Okutobala, anthu atakumba mbatata. Mayi Burulcha anadzipha ndi ntchito pokonzekera ukwati wake ndi Tilek. Anapaka laimu makoma, kupenta chipata, kukonza bwalo lonse kuti alendo a ku Karakol, kwawo kwa mtsikanayo, asapeze pogwira. Anapha hatchi yonenepa ya nyama ya paphwando, monga mwa mwambo wa kumeneko. Chipale chofewa chitangoyamba kugwa, Tilek anabwerera kuntchito ku Bishkek, n'kuwasiyira mlendo wosalankhulayu.

Ulemu anali nawo, zoona. Ankawerama popereka moni, tiyi ankathira pang'onopang'ono monga mwa mwambo. Koma ulemu wochuluka chonchi Mayi Burulcha sankaukhulupirira. Tsiku lina anamupeza ndi mpeni, akudula mphukira zonse zotuluka pansi mozungulira chitsambacho. Tsiku linanso anali atakumba kangalande kopatutsa madzi kuti asafike kumizu. Lero ndi izi za m'chidebe. Azimayi kusitolo anali atayamba kale kunong'ona kuti pali atsikana ena a dzanja loipa, amene akalowa pakhomo ngakhale nkhosa zimaleka kuswa.

Mayi Burulcha anatuluka.

"Wathira chiyani pamenepo, iwe?"

"Phulusa, amayi. Lailaki amalikonda."

"Amalikonda? Nanga maluwa ake ali kuti?"

Jipara anaika dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, anatero Mayi Burulcha mumtima. Tsokali lero layamba ndi mtengo wa malemu, mawa lidzafika kwa Tilek. Anaimbira foni bambo ake a mtsikanayo kuti adzatenge mwana wawo, kenako anauza Jipara kuti alongedze. Jipara analongedza misozi ili chuchuchu.

A Toktosun, bambo ake a Jipara, anafika masana pa kagalimoto kawo kakale. Anali munthu wamkulu wofatsa, mlimi wa maapozi. Mkate anangonyema kachidutswa ali chiimire, tiyi anakana. Mwana wawo anali ataima pachipata ndi chikwama.

"Asewere, mwanayu walakwa chiyani?"

"Bwerani mudzaone nokha, musati ndikumunamizira."

Mayi Burulcha anawaonetsa zonse, phulusa, kangalande ndi zitsa za mphukira. Ankalankhula mokweza kuti a nyumba yoyandikana, amene anali atasuzumira kale pampanda, amve bwino. A Toktosun anamvetsera osadula mawu. Kenako anagwada, n'kufinya dothi m'manja.

"Phulusa ndi chakudya chake, asewere. Madzi akadikha amaoletsa mizu. Mphukirazi zikachuluka zimalanda mphamvu ya tsinde. Apa sindikuonapo chakupha mtengo."

"Mbale wa mfiti saona ufiti. Ngati ndi chisamaliro, bwanji sunachite maluwa?"

Bamboyo anaimirira, n'kukokera pansi nthambi ina yapamwamba. Anapatula masamba. Kunsonga kwake kunali bala louma, lakuda. Anakoka ina, nayonso chimodzimodzi. Nthambi zonse zinali zodulidwa pamsinkhu umodzi.

"Nayu wakuba maluwa anu," anatero. "Lailaki amadulidwa maluwa akangofota basi, chifukwa m'chilimwe momwemo amakhala ataika kale timaso ta maluwa a chaka chamawa. Ukamudula masamba akuyoyoka, wataya zonse. Mabala awa agona m'chipale. Mwana wanga, unadula ndiwe?"

Jipara anangoyang'ana nsapato zake.

"Lankhula, mwanawe. Banja lako likutha apa."

"Ndinachipeza chili choncho, ababa," anatero motsitsa mawu. "Za akuluakulu sindingazinene."

Mayi Burulcha anatsegula pakamwa kuti amukalipire, koma pomwepo anakumbukira. Ukwati utayandikira, chitsambacho chinkaoneka chanyankhalala pamaso pa alendo a ku Karakol. Anakwera pampando iwo eni, n'kuchimeta bwinobwino ndi sizasi yometera nkhosa.