Thalauza Yosafufutika

"Fufuta msanga, Constance. Mkazi wovala thalauza pakhoma la shopu yanga? Akumpingo akaona aziti chiyani?"

"Bambo, lamulo loletsa lija linatha. Ku Limbe atsikana akuvala."

"Kuno ndi ku Chilomoni."

Bambo ndi telala. Chimalizireni Folomu 4, ine ndimawajambulira masitayilo a madiresi kuti makasitomala azisankhapo. Ndimagwiritsa ntchito pensulo ya HB yotuwa ija, yosavuta kufufuta. Koma chithunzi ichi ndinachijambula ndi 6B yanga, pensulo yofewa imene ndimaisongola ndi lezala pang'onopang'ono ngati ndikuinyengerera.

Nditakana, bambo anasiya makina, natola labala patebulo n'kuyamba kufufuta okha. Koma 6B simvera labala. Pepala lonse linada, thalauza ija ili chiimire, yakuda bii.

Anayang'anitsitsa nkhope ya pachithunzipo, kenaka anayang'ana yanga.

"Kodi kasitomala wake ndani ameneyu?"

Ndinachotsa tepi yoyezera pakhosi pawo n'kuiika m'manja mwawo.

"Ndine, bambo. Ndiyezeni. Ndikufuna yakuda, ya matumba awiri, ndipo Loweruka masana ndidzayenda nayo mpaka pa siteji ya maminibasi, aliyense akuona."