Chigoli cha ku Mchinji

Wezulo yomaliza itangolira, anthu onse anakhamukira m'bwalo lamatopelo. Timu yakwawo inali itapambana. Ananyamula Fiskani, goloboyi wawo wamvulazakale, n'kumamuvinitsa m'mwamba ngati mkwati.

Dailes, mkazi wake, anatsala yekha pansi pa mtengo wa mango, foni ili kukhutu. Ankalankhula ndi mlongo wake amene ankaonera masewero ena ku Mchinji.

"Alongo, kuno zavuta," anatero mlongoyo. "Aja mumalimbirana nawo malo aja agoletsa pompano, ndipo mpira watha. Ndiye kuti inu mwatuluka mu ligi."

Dailes anayang'ana mwamuna wake. Magolovesi amene anamusokera dzulo lake anali atang'ambikanso pachala. Mvula yoyamba itagwa, anzawo onse anawokera fodya, koma mbande za banja lakeli zinali zikadali kunazale, zikungotalika, poti bambowo ankati ayambe apulumutsa timu.

Anthu aja anadzamutsitsa Fiskani patsogolo pa Dailes, ali matope okhaokha, mano onse ali pamtunda.

"Amake Levi, mwaona? Penate ija ndaigwira ndine!" anatero Fiskani akupuma mwawefuwefu. "Nanga ku Mchinji zatha bwanji?"

Ng'oma inali ikulirabe. Koma kutsidya kwa bwalo, mkulu wina amene anali ndi wailesi anali atagwira kale manja kumutu, ndipo anthu anayamba kumuzungulira.

Dailes anakulunga foni ija pansonga ya chitenje, n'kumanga mfundo.

"Netiweki ikuvuta, bambo a Levi," anatero. "Pitani mukavine kaye. Fulumirani."