Makala a m'sefa ya Merv

"Makala? M'thanki mwanga? Olo nditafa!" Merv Prowse anamenya tebulo mpaka mowa wa alendo unatayikira.

Anzake a m'kalabu ya oweta nsomba m'nyumba ku Toowoomba anabwera kudzaona thanki ya tcheyamani wawoyo. Zaka zonsezi Merv ankawalalikira kuti kuika kathumba ka makala m'sefa ya madzi ndi bodza la ogulitsa. Ankati madzi amayera okha ngati mwini thanki ali ndi nzeru.

"Koma akulu, madzi anuwa ali mbee, ndi fungo lomwe palibe," anatero Darryl, amene Merv anamuyalutsapo pamsonkhano chifukwa cha makala omwewo.

"Ndi zomera zam'madzizi, iwe. Chilengedwe! Enanu mumaweta nsomba ngati mukufuna kuziwotcha."

"Tatsegulani sefayo, nafe tiphunzireko," anatero Darryl.

Raelene, mkazi wa Merv, anaima pakhomo atanyamula mbale. "Merv, masoseji akuzizira. Idyani kaye."

"Adikire!"

Merv anachotsa chivindikiro cha sefa n'kupisamo dzanja monyadira. Anatulutsa kathumba ka makala kakudontha madzi, katsopano ndithu.

Darryl anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe.

Merv anatembenukira kwa mkazi wake, kathumbako kali m'manja. Raelene anaika mbale patebulo mosapupuluma.

"Ndi chilengedwe chanu chija, bambo," anatero. "Chimandituma kusitolo mwezi ndi mwezi. Nachonso chinatopa ndi pabalaza ponunkha chithaphwi."