Kaujeni Kakumutu

Padangotero, dzana lomweli, nyama zidagula loboti yodziwa chida pongowerenga zolembedwapo. Nkhanga ndi Nanzikambe adapikisana kulemba, aliyense pa lumo ndi chipeso chake.

Nanzikambe adachedwa nalo lumo: "Ili limameta tsitsi. Osapesera."

"Achimwene, mukulemba kalata yofunsira mbeta?" adaseka Nkhanga. Iye adangolemba mawu amodzi ponse pawiri: "Kaujeni kakumutu." Wanzeru amva yekha.

Poyesa ntchitoyo, Nkhanga adakhala pampando monyada. "Iwe loboti, ndipese. Mawa ndi ukwati wanga."

Loboti idawerenga, nkutola kaujeni kakumutu, nkumumeta mpala.

"Ndimanena kaujeni kenako!" adakuwa Nkhanga.

"Mudalemba mwaluso, achemwali," adatero Nanzikambe. "Onani mmene mutu ukuwalira."

Dazi lija Nkhanga akali nalo mpaka lero.